Nkhata Bay ndi Sitima Zake

Njanji sinafikeko ku Nkhata Bay. Ya atsamunda inathera ku Salima m'chaka cha 1935, ndipo pamene boma la Malawi linkaiwonjezera m'zaka za m'ma 1970 inakhotera kuzambwe, kulowera ku Lilongwe ndi ku Mchinji. Komabe kwa zaka zambiri munthu wa kuno ankagula tikiti ya kampani ya njanji n'kuyenda ulendo wautali osaiona njanjiyo, chifukwa sitima za panyanja zinali m'manja mwa Nyasaland Railways, imene pambuyo pa ufulu inadzakhala Malawi Railways. Sitima ya pamtunda inkatula anthu ndi katundu pa Chipoka, ya pamadzi n'kulandira n'kupita nawo kumpoto. Choncho wofuna kudziwa mbiri ya tauni ino ayambire kudoko, pakuti pafupifupi chilichonse chimene chinasintha moyo wa Atonga, chokoma ndi chowawa chomwe, chinabwera pamadzi.

Malowa anachita kulengedwa ngati doko. Mapiri amatsetsereka mpaka m'madzi, kachitunda kolowa m'nyanja kamagawa gombe pawiri n'kutchinga mafunde, ndipo madzi ndi akuya kuyambira pafupi ndi mtunda. Chakumpoto kwa kuno n'kumene nyanja ya Malawi inazama kwambiri, mamita pafupifupi 700. Kale boma linali ku Chintheche, koma gombe la kumeneko ndi la mchenga ndiponso lapambalambanda, moti mwera ukawomba sitima ilibe pobisala. Doko ndilo linakokera maofesi, masitolo ndi anthu kuno.

Sitima yoyamba kudutsa m'madzi ano inali Ilala, koma osati imene tikuidziwa leroyi. Inali kasitima kakang'ono koyendera nthunzi ka amishoni a Livingstonia, kamene kanalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875 motsogozedwa ndi E. D. Young, Dr Robert Laws ali momwemo. Anakatcha dzina la dera la Ilala, m'dziko la Zambia lero, kumene David Livingstone anafera mu 1873. Kuti kafike kunyanja anachita kukamasula, ndipo anthu mazanamazana anasenza zitsulo zake pamutu kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire. Amishoniwo atatopa ndi malungo ku Cape Maclear anasamukira ku Bandawe mu 1881, m'boma lino lomwe. Sukulu za ku Bandawe zinatulutsa anyamata odziwa kulemba ndi kuwerengera, ndipo kampani ya African Lakes, imene anthu ankangoti Mandala, inapeza mwa Atonga antchito a m'sitima zake, akapitawo ndi makalaliki.

Sitima za masiku amenewo zinkayendera nkhuni. M'magombe munali malo oimapo pongofuna nkhuni basi, ndipo midzi ya m'mbali mwa nyanja inkadula mitengo, kuiwaza ndi kuiunjika m'milumilu kudikira utsi uwonekere patali. Njira imene inabweretsa mabuku ndi nsalu ndi yomwenso inatenga amuna. Atonga anali m'gulu la anthu oyamba m'dziko muno kupita kukagwira ntchito ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni, ndipo Clements Kadalie wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, anakafika mpaka ku Cape Town kumene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU mu 1919. Ena ankabwera ndi masutikesi, njinga ndi makina osokera. Ena anasanduka matchona, osabwereranso, ndipo mabanja ambiri kuno ali ndi dzina la agogo amene anawaona komaliza akukwera sitima.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse nayo inadutsa pagombe lino. Mu Ogasiti 1914 sitima ya boma ya Guendolen, kaputeni wake ali Rhoades, inaima pa Nkhata Bay isanaoloke nyanja usiku kupita ku Sphinxhaven, malo amene lero ndi Liuli ku Tanzania. Kumeneko inapeza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa, n'kuiwombera. Kaputeni wa Chijeremani, yemwe anali mnzake wa Rhoades, anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba. Mabuku ambiri amati kumeneku kunali kulimbana koyamba kwa sitima za pamadzi pa nkhondo yonseyo. Guendolen anaiphwasula kalekale. Mfuti yake ili ku Mangochi, pafupi ndi chipilala cha wotchi.

Pamalo omwewo ku Mangochi pali chikumbutso cha tsoka lalikulu kuposa onse a panyanja yathu. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya, yatsopano, imene inali itangoyenda maulendo owerengeka, inakumana ndi mwera wamphamvu itachoka ku Mbamba Bay, ndipo inagubuduzika n'kumira chakufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba. Anthu 145 anathera pomwepo. Odziwa za sitima akhala akunena kuti inali yolemera kumwamba, yosayenera nyanja ya mafunde ngati ino. Akuluakulu amene anali ana nthawi imeneyo amakumbukira maliro opanda mitembo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndiponso mantha amene anatsala: kwa zaka zingapo kumpoto kunalibe sitima yodalirika ya anthu.

Ilala yachiwiri inabwera kudzatseka mpata umenewo. Inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde ku Glasgow. Nayonso anaimasula, n'kuitumiza pa sitima ya panyanja yamchere mpaka ku Beira. Kuchoka apo zidutswa zake zinakwera njanji, kuoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, kudutsa Limbe ndi Blantyre mpaka ku Chipoka. Anailumikiza ku Monkey Bay ndipo inayamba ntchito mu 1951. Ndi ya mamita pafupifupi 52 m'litali, yolemera matani 620, ndipo imanyamula anthu oposa 300 pamodzi ndi katundu wokwana matani pafupifupi 100. Amene anaipanga anali ataphunzirapo kanthu pa Vipya. Zaka zoposa 70 zadutsa, ndipo mwera wa chaka chilichonse yauona n'kuupirira.

Kwa nthawi yaitali ndondomeko yake yakhala yomweyo: kunyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kudzera ku Nkhotakota, Likoma ndi Chizumulu, kufika pa Nkhata Bay usiku wa Loweruka kapena m'bandakucha wa Lamulungu, kupitirira ku Usisya, Ruarwe mpaka ku Chilumba, n'kudzaimanso pano Lolemba pobwerera kumwera. Aliyense wokulira pano amaidziwa hutala yake. Ikalira kuseri kwa kachitunda kaja, tauni yonse imatsetserekera kudoko, ngakhale amene alibe ulendo kapena mlendo womuchingamira.

Lolemba madzulo ndiye pamakhala poonera. Matumba a chimanga ndi ufa opita ku Likoma aunjikidwa, lililonse litalembedwa dzina la mwini wake ndi utoto kapena makala. Pali simenti, malata, makreti a zakumwa, mitolo ya nkhuni, nthochi zamikoko, chinangwa, matiresi opindidwa ndi chingwe, nkhuku zomangidwa miyendo. Kuchokera kuzilumba ndi ku Usisya kwatsika madengu a usipa wouma amene fungo lake limakufika usanawaone, ndipo amayi a geni ochokera ku Mzuzu ayamba kale kunenerera mitengo. Anyamata onyamula katundu amathamanga atawerama, thumba lili pakhosi, akukuwa kuti awapatse njira. Chitonga, Chitumbuka, Chinyanja cha ku Likoma ndi Chingerezi cha alendo odzaona nyanja zimamveka nthawi imodzi. M'kati mwa sitima, kunsi kumene kumakwera anthu ambiri, munthu amayala chitenje pakati pa matumba n'kugoneka mwana pomwe papezeka mpata, kutentha kwa injini kukubwera m'zitsulo za pansi. Pamwamba penipeni pali mphepo yabwino ndi mipando, koma mtengo wa tikiti ndi wina.

Kumene kulibe jeti, monga ku Usisya ndi ku Ruarwe, Ilala imaponya nangula patali ndi gombe n'kutsitsa maboti ake awiri a injini. Munthu amatsika pa makwerero a m'mbali mwa sitima, boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde, amalinyero n'kumugwira mkono pa nthawi yake yeniyeni kuti aponde bwino. Khanda amachita kupatsirana m'manja. Gogo amamunyamula. Boti likafika kumchenga anthu amatsikira m'madzi ofika m'chiuno, katundu ali pamutu. Ntchito imeneyi imachitika usana ndi usiku, ndipo amalinyero amene amaigwira sabata ndi sabata ndi akatswiri amene dziko silinawayamikepo mokwanira.

Doko lomweli, limene timalidziwa ndi phokoso la malonda, ndi pamene panakhetsedwa mwazi pa 3 Marichi 1959. M'mawa wa tsiku limenelo bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, Dr Kamuzu Banda anagwidwa n'kutumizidwa ku Gwelo, ndipo atsogoleri a Nyasaland African Congress anamangidwa m'dziko lonse chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. A kumpoto anawatsekera m'sitima ya Mpasa, imene inaima pa Nkhata Bay kudikira kuwatengera kumwera. Anthu atamva anakhamukira kudoko kukafuna abale awo, opanda mfuti. DC wa nthawiyo, John Brock, atalephera kuwabalalitsa anapereka mphamvu kwa asilikali a Royal Rhodesia Regiment, ndipo iwo anawombera. Lipoti la komiti ya Devlin, imene inafufuza za chipwirikiticho, linati anafa ndi anthu 20. Anthu a kuno amawerenga oposa 30. Palibe malo ena m'dziko muno pamene panafa anthu ochuluka chotere pa nthawi imodzi m'chipwirikiti chonsecho, ndipo n'chifukwa chake mwambo wa tsiku la anthu ofera dziko umakhala ndi kulemera kwina ukamachitikira pano. Chipilala chilipo ndipo manda alipo. Koma mwana wa sukulu akafunsa kuti Mpasa inali yotani, ankawasunga mbali iti akaidiwo, palibe pomutengera kuti akaone. Madzi akatayika saoleka.

Ilala ikuyendabe chifukwa cha anthu amene mayina awo salembedwa paliponse. Ku Monkey Bay kuli malo okonzera sitima, kumene amaikweza kuichotsa m'madzi, kupala dzimbiri, kudula zitsulo zodyeka n'kuwotcherera zatsopano, ndi kupakanso utoto. Injini zake zasinthidwapo, komaliza cha m'ma 2012 ndi 2013 pamene inakhala miyezi yambiri osayenda. Kampani imene inaipanga inaleka kalekale kupanga zipangizo za sitima yotere, choncho chitsulo china chikathyoka amisiri amachita kusula china pa makina, kuyeza ndi chakalecho. Pali amakaniko amene amadziwa ndi khutu lokha kuti injini yayamba kudwala, ndi oyendetsa amene amadziwa mwala uliwonse wobisika pa Chizumulu. Nzeru zoterezi zimachoka kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono m'chipinda cha injini momwemo, ndipo mkulu akapuma ntchito n'kupita kumudzi zambiri zimapita naye. Oyendetsa kampani asinthasintha: Malawi Railways, kenako Malawi Lake Services, kenako makampani obwereka, kuphatikizapo Malawi Shipping Company ya Mota-Engil kuyambira mu 2010. Manja okonza sitimayo akhala a Amalawi omwewo.

Kumene Ilala inabadwira kuli nkhani yoyenera kuimva. Pa mtsinje womwewo wa Clyde, mu 1946, anapanga sitima ya nthunzi yotchedwa Waverley. Pofika mu 1973 eni ake anaona kuti yakalamba ndipo ikungodya ndalama. M'malo moigulitsa kwa ophwanya zitsulo, mu 1974 anaipereka kwa bungwe la anthu okonda sitima zakale, la Paddle Steamer Preservation Society, pa mtengo wa paundi imodzi. Anthuwo anasonkha ndalama, ena anapereka masiku awo opuma kukapala dzimbiri ndi kupaka utoto, ndipo mu 1975 Waverley inayambanso kunyamula anthu. Mpaka lero imayenda. Ku Wales, m'chaka chomwe Ilala inayamba ntchito, 1951, anthu ongodzipereka anatenga kanjanji ka Talyllyn kamene kanali pafupi kutsekedwa n'kuyamba kukayendetsa okha, ndipo kanakhala koyamba padziko lonse kupulumutsidwa mwa njira imeneyi. Ambiri mwa anthu otere amakhala opuma ntchito: madalaivala a sitima, amakaniko, akalipentala, aphunzitsi. Amabwera ndi maovolosi awo, ndipo achinyamata amaphunzira powathandiza.

Kuno kwathu zoyendera zakale timazisunga zitafa. Pabwalo la nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri mu Blantyre pali mitu ya sitima za nthunzi imene ana a sukulu amajambulitsapo zithunzi, koma moto unazima kalekale m'mimba mwake. Ku Livingstone m'dziko la Zambia ndi ku Bulawayo ku Zimbabwe kuli nyumba zosungiramo za njanji zokhazokha. Ku Mangochi kuli ya za panyanja. Ku Nkhata Bay, doko lalikulu la chigawo chonse cha kumpoto, kulibe ngakhale chipinda chimodzi.

Anthu anayesapo kamodzi kuukitsa sitima yakale, ndipo mmene zinathera n'zofunika kuzilingalira. Chauncy Maples inapangidwa ku Glasgow chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndi ndalama za mishoni ya UMCA ya ku Likoma, ndipo inatchedwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanja ino mu 1895. Inabwera m'zidutswa 3,481. Thanki yake yowiritsira madzi, ya matani 11, sinkatheka kumasula, ndipo amuna 450 a Chingoni anaikoka pamtunda kulambalala mathithi a Shire. Inalowa m'madzi mu 1901. Inakhalapo sukulu ndi tchalitchi choyandama, inanyamula asilikali pa nkhondo ya 1914, inakhalapo ya usodzi, kenako ya anthu apaulendo, ndipo akuluakulu a kuno anaikwerapo. Itagona zaka zambiri ku Monkey Bay, bungwe la ku Britain la Chauncy Maples Malawi Trust, mothandizidwa ndi kampani ya Thomas Miller ya ku London, linayamba kusonkhanitsa ndalama cha m'ma 2009 kuti aisandutse chipatala choyenda panyanja, chofikira midzi yopanda msewu. Ntchito inayambika, zitsulo zinawotchereredwa, koma ndalama zofunika zinkangokwera, ndipo mu 2017 ntchitoyo inaimitsidwa sitimayo isanaonepo wodwala ndi mmodzi yemwe.

Cholinga chinali chabwino ndipo amene anapereka ndalama zawo ayenera kuthokozedwa. Koma ine ndimaona kuti ntchitoyo inalibe mizu m'gombe. Ofuna kuipulumutsa anali kutali, ndipo ife eni nyanja tinali oonerera. Waverley inapulumuka chifukwa anthu a m'mbali mwa Clyde, amene makolo awo ankaikwera popita kokasangalala, anaiona ngati yawo. Ilala ili ndi anthu otero ochuluka kuposa Waverley. Alipo amene anabadwira m'sitimamo mayi awo akuthamangira kuchipatala, amene anaikwera koyamba popita ku sekondale, amene anabweretsa mkwatibwi kuchokera ku Likoma, amene anaperekeza bokosi la maliro a bambo awo kupita ku Usisya.

Pano ndiyenera kunena mosapsatira, kuti wina asandimve molakwa. Kukonda Ilala si chifukwa choti anthu a ku Likoma, Chizumulu ndi Ruarwe azidalira sitima ya 1949 mpaka kalekale. Iwo saikwera pofuna kukumbukira zakale. Ndi msewu wawo, ambulansi yawo, ndi galimoto ya katundu wawo. Ikaima kuti ikonzedwe, mitengo ya ufa ndi sopo kuzilumba imakwera, usipa umaonongeka, ndipo anthu amakakamizika kukwera maboti a matabwa odzaza mopitirira muyeso pa nyanja yomwe inameza Vipya. Sitima ya Chilembwe, imene inapangidwa ku Monkey Bay, imathandiza, koma ndi yaing'ono ndipo singanyamule katundu wa Ilala. Boma lakhala likulankhula za sitima yatsopano kwa zaka zambiri. Ibwere, ndipo ibwere msanga.

Nkhawa yanga ili pa tsiku lotsatira. Yatsopano ikadzafika, Ilala idzakokeredwa pakona ku Monkey Bay, ndipo pakadzatha zaka zingapo wina adzawerengera kulemera kwa zitsulo zake. Umu ndi mmene zinapitira zinzake. Pamene tikudikira, pali ntchito yosafuna mamiliyoni. M'midzi ya kwa Mkumbira, kwa Timbiri, kwa Mankhambira ndi ku Usisya muli amalinyero, ophika, ogulitsa matikiti ndi amakaniko opuma ntchito amene anatha moyo wawo wonse pa sitima za Ilala, Mtendere ndi Chauncy Maples. Alipo okalamba ochepa amene anaona ndi maso awo zimene zinachitika pa 3 Marichi 1959. M'masutikesi muli zithunzi, matikiti akale, zipewa za yunifolomu ndi makalata a ntchito. Foni iliyonse ya masiku ano imajambula mawu. Aphunzitsi a mbiri m'masukulu a sekondale a m'boma lino angathe kutuma ophunzira awo kukacheza ndi agogo amenewa, m'Chitonga chawo chomwe, n'kusunga zimene anena. Khonsolo ingathe kupereka chipinda chimodzi pafupi ndi doko. Ophunzira ntchito zamanja angapindule kwambiri atamayendera limodzi ndi amisiri akalewa.

Gulu lotero likakhalapo, lokhala ndi mayina, malo ndi ntchito yooneka, lidzakhala ndi pakamwa popempha boma ndi nthambi yoona za zinthu zakale kuti Ilala ikadzapuma isadzagulitsidwe, koma idzaime pa Nkhata Bay, ana azikweramo, ndipo nyanja ikakhala bata izitha kupita kugombe la Chikale kapena ku Usisya n'kubwerako. Kusunga sitima pamadzi kumadya ndalama chaka ndi chaka, ndipo zimenezi tisadzinamize. Koma alendo amene amabwera kuno kuchokera kumaiko akutali ambiri amabwerera Ilala yomweyo, ndipo ana a Nkhata Bay amene ali ku Lilongwe, ku Johannesburg ndi ku Britain si ochepa.

Inu mafumu athu, a khonsolo, aphunzitsi, ndi inu makolo amene munagwirapo ntchito panyanja: musadikire kuti sitima iyambe yaima. Itanani msonkhano chaka chino, mulembe mayina a onse amene anatumikirapo pa sitima zimenezi amene akali moyo, ndipo muyambe ndi okalamba kwambiri.